Sayansi ya m'buku ndi sayansi ya pa dooko: aphunzitsi athu akuti bwanji?

Masiku ano mukakhala pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kapena mukatsegula wailesi, simuchedwa kumva mawu akuti STEM. Ndi chidule cha Chingerezi cha maphunziro anayi: sayansi, luso la zipangizo zamakono, uinjiniya ndi masamu. Cholinga chake n'choti maphunziro amenewa asamayende payekhapayekha, koma azilukana ngati ulusi wa ukonde. Mwana aziyeza, aziwerengera, azipanga chinthu ndi manja ake, kenako afotokoze chifukwa chimene chatheka kapena chakanika. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu 2021, nawonso amatsindika za sayansi ndi luso, ndipo ku Thyolo kuli yunivesite yonse ya zimenezi, ya MUST, imene inayamba kulandira ophunzira mu 2014.

Zonsezi n'zokoma kumva. Koma woti asenze katunduyu si bwana wa ku Lilongwe ayi. Ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya kuseri kwa dooko, uja timakumana naye m'mawa akupalasa njinga, choko chili m'thumba la shati. Ndiye ife tinati tiwafunse eni ake. M'masabata apitawa takhala tikucheza ndi aphunzitsi a pulayimale ndi a sekondale zoyendera za m'mbali mwa nyanja yathuyi, ena pa khonde la mzikiti titatuluka Jumu'a, ena kumsika, ena anatipeza kudimba. Maina sititchula, poti ndi antchito a boma ndipo anayankhula momasuka podziwa kuti tiwasungira.

Choyamba chimene tinaona n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anakana. Onse akufuna. Koma ambiri amaseka anthu akayamba nkhaniyi ndi makompyuta. Mphunzitsi wina wa sitandade 7, bambo amene wagwira choko zaka zoposa makumi awiri, anatikumbutsa kuti ku koleji anawaphunzitsa kale njira yotchedwa TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Iwo amaona kuti STEM ndi TALULAR yemweyo, wangovala malaya atsopano. Ndipo anati sukulu ya m'mphepete mwa nyanja ili ndi labotale imene sukulu za m'tauni zingachite nayo nsanje, kungoti ana amaidutsa tsiku lililonse osadziwa kuti ndi labotale.

Tinawapempha kuti atipatse chitsanzo. Anatenga chambo.

Mwana aliyense wa kuno anaonapo chambo chachikazi chitafumbata mazira m'kamwa. Chachimuna chimakonza chisa pa mchenga pansi pa madzi, chachikazi chimaikira, kenako n'kutola mazirawo n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Tiana tikaswa timayendabe pafupi ndi make, zikavuta timathawira m'kamwa momwemo. Ndiye khoka likakokolola malo oswanirana, silipha nsomba imodzi ayi, limapha mayi ndi mazana a ana amene anali m'kamwa mwake. Apa mphunzitsi uja anati phunziro la sayansi latha kale, latsala la masamu. Ana atenge rula, ayeze maso a ukonde wa matchera, ayeze a neti ya udzudzu imene ena asandutsa khoka, ayeze kasawala amene wagwidwa m'mawa uno, aone ngati wafika masentimita 15 amene malamulo a zausodzi amalola. Akatero, mwanayo sadzaonanso kutseka kwa nyanja kwa November ndi December ngati nkhanza za boma. Adzamvetsa chifukwa chake ku Malombe amayamba kutseka mu October, ndi chifukwa chake anthu a mfumu Makanjira ku Salima amatseka chilumba cha Mbenji nyengo yonse ya mvula mwa mwambo wawo, popanda wapolisi wowaimirira ndi mfuti.

Ife amene tinakula chambo chikudyedwa ngati ndiwo wamba, lero n'kumachigula ngati nyama ya pa Eid, tinangoti ndithu pamenepa pali nkhani.

Mphunzitsi wina wa ku sekondale anawonjezera za mwera. Akuluakulu athu amadziwa kuyambira kale kuti mwera ukaomba m'miyezi yozizira ija, madzi a kum'mwera kuno amazizira ndipo pambuyo pake nyanja imabala. Chimene buku limawonjezera ndi chifukwa chake. Mphepoyo imakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndiye madzi ozizira a pansi, omwe ali ndi chonde, amakwera. Chondecho chimadyetsa tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, usipa umadya timeneto, ncheni ndi nsomba zina zimadya usipa. Nyanja yathuyi pena ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Ndiye kukula konse mukuonaku, nsomba zimakhala m'kachigawo ka pamwamba basi. Iye anati mwana akamva zimenezi amasiya kukhulupirira zoti nsomba sizingathe m'nyanja. Ndipo kuti asonyeze zoti madzi ozizira amamira pansi pa ofunda, safuna magetsi. Mabotolo awiri, madzi otentha ndi ozizira, ndi kautoto pang'ono, basi.

Tsono ngati zili zophweka chonchi, chikuletsa n'chiyani? Apa ndi pamene nkhope zinasintha.

Ambiri anayamba ndi kuchuluka kwa ana. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma amene tinacheza nawo, makamaka a makalasi aang'ono, ankatchula ana oposa 100 m'chipinda chimodzi, ena pansi pa mtengo. Mayi wina wophunzitsa sitandade 5 anatifunsa kuti, abambo, mungatenge ana 110 kupita nawo pa dooko nokha, n'kubwerera nawo onse ali bwinobwino? Tinakhala chete. Rula imodzi, ana 110, mphindi zowerengeka, belu lalira.

Koma chimene anadandaula nacho kwambiri ndi mayeso. Mphunzitsi wa sitandade 8 amayamikidwa kapena kunyozedwa potengera ana angati asankhidwa kupita ku sekondale. Ife makolo ndi amene timayamba kulongolola zotsatira za PSLCE zikatuluka zoipa, osati a MANEB. Ndiye mphunzitsi amaona kuti tsiku lopita kukayeza maukonde ndi tsiku lotayika, bola alembe manotsi pa bolodi ana aloweze. Mmodzi anatiuza mosabisa kuti chimene sichibwera pa mayeso sichiphunzitsidwa, ngakhale silabasi yochokera ku Domasi itachilemba mokoma bwanji. Pempho lawo n'loti amene amakonza silabasi ndi amene amakonza mayeso azikhala pa mphasa imodzi, kuti mwana amene wayeza mvula miyezi itatu n'kulemba bwino m'kope apeze nazo malikisi.

Nkhani ya chiyankhulo ndiyo inatikhudza mtima. Mwana wa kuno nthawi zambiri kunyumba amayankhula Chiyao. Akayamba sukulu amakumana ndi Chichewa. Akafika sitandade 5 zonse zimatembenukira ku Chingerezi, ndipo masana ali ku madrasa pa Chiarabu. Ziyankhulo zinayi m'mutu mwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi! Ndiye mtsikana amene amayanika usipa pa thandala tsiku ndi tsiku, amene amadziwa bwino kuti kukakhala dzuwa ndi kamphepo usipa umauma msanga ndipo kukachita mitambo umanunkha, amalephera funso la evaporation. Chinthucho amachidziwa kuposa wolemba funsoyo, chamulepheretsa ndi liwu. Aphunzitsi angapo anati iwo amayamba afotokoza m'Chichewa kapena m'Chiyao, mwana akagwira mfundo ndi pamene amamupatsa liwu la Chingerezi. Ena amachita zimenezi mobisa, kuopa kuti alangizi a sukulu akabwera adzawadzudzula. Ife tikuti asamabise. Palibe mlimi amene amathira feteleza asanadzale mbewu.

Pa usipa womwewo, mphunzitsi wina wachinyamata anatiuza zimene amalakalaka atachita ndi ana ake. M'madooko ena a ku Mangochi muli kale matenti a pulasitiki oumitsira nsomba ndi dzuwa. Iye akufuna ana amange kakang'ono ndi nsungwi ndi pepala la pulasitiki, aike usipa wolemera mofanana m'katentimo ndi pa thandala la panja, aziyeza pa sikelo m'mawa, masana ndi madzulo, alembe, ajambule mzere wosonyeza mmene kulemera kukutsikira. Kenako asinthe: akuze kabowo kotulukira mpweya, aone ngati zasintha. Mmenemo muli sayansi, masamu ndi uinjiniya nthawi imodzi, ndipo yankho lake ndi ndalama zenizeni za mayi amene amataya ndowa za usipa nthawi ya mvula. Chimene chikumuletsa ndi sikelo. Sukulu ilibe, pomwe pa dooko ndi pa msika wa chimanga masikelo ali mbwee.

Sikuti aphunzitsiwa amagwirizana pa zonse. Bambo wina wachikulire amene watsala pang'ono kupuma pa ntchito anatsutsa kwambiri. Iwo anati tisamange denga maziko kulibe. Ali ndi ana a sitandade 5 amene sangathe kuwerenga chiganizo chathunthu, ena sadziwa kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati. Mwana wotereyu mukam'patsa sikelo ndi kope alembamo chiyani? Anati ndondomeko zatsopano aziona zambiri chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anadzaza makalasi mabuku ndi aphunzitsi asanakonzeke. Zimabwera ndi maphunziro a masiku atatu ku TDC, kenako zimazilala. Wachinyamata uja anayankha kuti mwana amaloweza msanga masamu akaona ntchito yake, ndipo mnyamata amene amalephera kugawa pa bolodi salakwitsa ngakhale tambala pogawana ndalama za chilimira. Ife tikuona kuti onse awiri akunena zoona, koma tikutsamira kwa wamkuluyo pa chinthu chimodzi: kuwerenga ndi kuwerengera zikapanda kukhazikika m'makalasi anayi oyambirira, zina zonsezi ndi maloto.

Za matabuleti aja a pulogalamu ya boma ya BEFIT, amene ana aang'ono amaphunzirapo kuwerenga ndi masamu ndipo amatchajidwa ndi sola, amene anawalandira anawayamikira. Akuti ana amakonda, ndipo ena ojomba amabwera chifukwa cha iwo. Funso lawo linali limodzi, kuti chikawonongeka akonze ndani. Pamenepa mayi wina anatiseketsa. Anati pa dooko lililonse pali mnyamata amene amamasula injini ya boti ya Yamaha n'kuibwezeretsa, wina amalumikiza mababu ndi mabatire a asiginala kuti usipa ubwere ku kuwala, ndipo ambiri mwa iwo sanafike fomu 2. Nanga amenewa si mainjiniya? Bwanji osawaitana tsiku limodzi kuti adzaonetse ana a sitandade 8 mmene magetsi amayendera mu waya? Mwana wa ku Kasungu uja, William Kamkwamba, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi mu 2002 atasiya sukulu chifukwa cha njala, anali ndi zitsulo zotayidwa ndi buku la mu laibulale. Zitsulo tili nazo. Buku ndi munthu wolozera njira ndi zimene zimasowa.

Ku sekondale zoyendera mavuto ake ndi odziwika, sitichedwapo. Phunziro la physical science linagawidwa pawiri kukhala physics ndi chemistry, koma sukulu zambiri zilibe labotale, ndipo pena wophunzitsa ndi munthu amene anaphunzira uphunzitsi wa pulayimale n'kukwezedwa chifukwa cha kusowa kwa anthu. Maphunziro a SMASSE, amene boma linayambitsa mothandizana ndi a ku Japan kuti asule aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ambiri anawatchula mwaulemu. Koma akuti ukabwerako umapeza kabati ilibe kanthu, ndipo mwana amadzagwira zipangizo zina koyamba mayeso a MSCE atayandikira. Komanso anatidabwitsa ponena kuti ana ambiri a m'mbali mwa nyanja sadziwa kuti ku Mpwepwe, konkuno ku Mangochi, kuli koleji ya zausodzi, kuti ku Monkey Bay kuli malo ofufuzira za nsomba, ndi kuti ku Bunda munthu amatha kutenga digiri ya zoweta nsomba. Mwana amaona ngati njira ndi ziwiri zokha, kulowa m'bwato kapena kukwera basi ya ku Joni.

Amwalimu a ku madrasa nawonso tinawafunsa, poti ana ndi omwewo. Mmodzi anati iwo amaphunzitsa masamu osadziwa kuti ndi masamu. Zakaat ya mbewu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi ngati munda wamwa mvula, ndi limodzi mwa makumi awiri ngati mwathirira movutikira. Wokolola matumba 30 a chimanga cha mvula atulutsa atatu, wa kudimba wothirira ndi pampu atulutsa limodzi ndi theka. Kugawa chuma cha masiye nakonso ndi theka, limodzi mwa magawo anayi, limodzi mwa asanu ndi atatu, awiri mwa atatu. Ndipo liwu loti algebra, limene ana amaliopa ku sekondale, linachokera ku al-jabr, m'dzina la buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad zaka zoposa 1,100 zapitazo, momwe gawo lalikulu ndi la kuwerengera za masiye. Chodandaulitsa n'choti amwalimu ndi aphunzitsi a sukulu amakhala mudzi umodzi, kuphunzitsa mwana mmodzi, koma sakhalirana pansi kuti amve mnzawo ali pati.

Tsopano tifike pa ife eni ana, chifukwa aphunzitsi sanatisiye. Anayankhula mwaulemu, koma mawu ake anali olasa. Kuyeza kumafuna kubwera tsiku ndi tsiku. Mukaika botolo lodulidwa pabwalo kuti liziyeza mvula, wina ayenera kuwerenga m'mawa uliwonse. Nanga mnyamata amene wachezera usiku wonse ngati mlovi, n'kubwera kudzagona pa desiki, kapena kusowa sabata yathunthu mwezi ukakhala mdima chifukwa usipa wagwa, awerenga bwanji? Aphunzitsi akuti amadziwa kayendedwe ka mwezi poyang'ana m'kaundula wa ojomba. Sakunyoza usodzi ayi, ambiri a iwo ndiwo zawo n'zomwezo. Akungoti mnyamata amene akudziwa kuwerengera malita a petulo, mtunda, ndi gawo la mwini zida asanagawire alovi, ndi amene mawa adzakhale mwini boti osati wokoka chingwe mpaka imvi.

Za atsikana anatsindika kawiri. Amene amagula nsomba pa dooko, kuyanika, kuwerengera mtengo wa galimoto mpaka ku Limbe kapena ku Lilongwe n'kudziwa ngati pali phindu, ambiri ndi amayi. Ndiye zoti masamu ndi a anyamata zinachokera kuti? Mayi wa sitandade 5 uja anati atsikana ake amachita bwino masamu mpaka sitandade 6, kenako amayamba kuchepa mmodzimmodzi, wina ukwati, wina kulera ang'ono ake, wina kungotopa ndi mtunda. Ndipo sukulu zakutali zimasowa aphunzitsi aakazi chifukwa kulibe nyumba zoti akhalemo. Imeneyo ndi nkhani ya njerwa ndi mchenga, ndipo njerwa timaumba ndife.

Munda wa sukulu nawo anaudandaula. M'sukulu zambiri khasu lasanduka chilango cha wochedwa, ndiye mwana amakula akudana ndi ulimi. Chonsecho m'mundamo ndi momwe muli masamu okoma. Mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, monga alangizi amanenera pa kadzalidwe ka Sasakawa: ana awerengere okha kuti pa hekitala pakhala mapesi oposa 53,000. Agawe munda patatu, pena manyowa, pena feteleza, pena popanda kanthu, adzayeze zokolola. Azizonda mbozi zija zinatifikira cha mu 2017, awerenge mapesi ogwidwa pa mzere uliwonse. Ndipo pambuyo pa zimene tinaona mu 2024, nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete, mtengo umodzi wolembedwa masentimita wozikidwa pagombe ungapatse mudzi mbiri ya madzi imene pano timangoisunga m'mutu mwa okalamba.

Titawafunsa kuti tsono ife tichitepo chiyani teremu ikubwerayi, sanatchule ndalama zambiri. Anapempha kuti komiti ya sukulu ndi komiti ya pa dooko zikumane, asankhe m'mawa umodzi m'nyengo yotseka nyanja pamene maukonde ali pamtunda, makolo anayi kapena asanu aperekeze kalasi kuti mphunzitsi asakhale yekha. Anapempha msodzi wachikulire mmodzi woti adzafotokoze mphepo zinayi zija, mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndi zizindikiro zake, mphunzitsi n'kulumikiza ndi za m'buku. Anapempha mlangizi wa zausodzi ndi wa zaulimi kuti akamayendera midzi azipatukirako ku sukulu. Ndipo wachinyamata uja akudikirabe munthu woti amubwereke sikelo kwa masabata awiri, pamodzi ndi ndowa imodzi ya usipa wauwisi, imene akuti akatha kuyeza adzabweza youma.